Thonje M'botolo

Mizere iwiri.
Nesi wa pa Hillbrow anaiyang'ana ngati akuwerenga chenji,
kenako analankhula Chizulu chachitali, chofatsa.
Ine ndinatolamo mawu amodzi: bhuti.

Panja matakisi anali kuliza mahutala monga dzulo,
mayi wa pangodya anali kutembenuzabe chimanga pa mbaula.
Palibe chinaima.
Ndinayenda wapansi mpaka ku Rosettenville,
ndalama ya takisi ili phee m'thumba.

M'chipinda chathu timagona asanu.
Khoma lathu ndi katani, ndipo katani alibe chifuwa.
Sindinkadziwa kuti mapiritsi amalongolola:
kungokhudza chikwama, botolo layankha kale ngati maseche.
Ndinang'amba pilo, ndinatsinako thonje, ndinalitseka pakamwa,
ndinamatula pepala la dzina langa,
ndinalibisa m'jombo ya kuntchito, ya kumanzere.
Eyiti koloko iliyonse ndimagwidwa ludzu.
Alufeyo akuti ndayamba shuga.

Lamlungu amanena za mnyamata wina wa ku Turffontein,
ati uja ali pa mayunitsi, musamubwereke lezala.
Onse anaseka.
Inenso ndinaseka, mokweza kuposa onse,
kenako ndinapita kukatsuka kapu yanga, kawiri,
popanda wondituma.

Ku Bedfordview ndimasesa masamba a eni ake.
Galu wa adona amamwa mankhwala ake pakhonde, dzuwa likuswa mtengo,
atamukulungira mu tchizi,
akamaliza amamusisita m'khutu.

Dolika amatumiza mawu ake pa foni, kuchokera ku Balaka:
malata atsala khumi ndi anayi,
Mwatitha wakhoza, nsapato zamuthina,
kodi Disembala uno mubwera?
Ndimamvera katatu.
Ndimalemba "mayi a Mwatitha, pali nkhani,"
chala chimabwerera chammbuyo, kudya chilembo chimodzichimodzi.
Ndani anayamba? Usiku ndimazenga mlanduwu ndekha,
woweruza ine, mboni ine.
Ndimakumbukira chitseko china ku Yeoville,
ndimakumbukiranso kuti zaka zinayi ndi zazitali mbali zonse ziwiri.
Tambala kulibe kuno. Mlandu umathetsedwa ndi alamu.

Mwezi wachitatu, Juni, chisanu cholowa m'mano,
ndili pamzere mbandakucha, chipewa chofika m'maso.
Kutsogolo kwanga, khosi lija ndikulidziwa.
A Likongwe.
A Likongwe a thiransipoti,
onyamula mafiriji, njinga ndi mbiri za anthu
kuchoka pa Park Station mpaka pakhomo pa apongozi anga.
Miyendo inati thawa.
Iwo anatembenuka, khadi lawo m'manja, lofanana ndi langa,
koma lakutha m'mbali.

"Kwazizira," anatero.
"Kwazizira."
Mzere unasuntha mapazi atatu.
"Chaka chachisanu ndi chitatu chino. Tandiyang'ana mimbayi.
Ndikuoneka wopita?"
Anandigawira chitumbuwa, ananyema ndi manja,
ndinalandira ndi manja.
"Kunyumba wanena?"
Ndinayang'ana jombo zanga.
"Ine ndimanyamula chilichonse, mphwanga,
ngakhale maliro ndawolotsapo pa Mwanza.
Koma katundu ameneyo ayi.
Ameneyo amafika ndi mwini wake."

Madzulo ano ndagula mayunitsi, enieniwo, a malandi makumi atatu.
Ndakhala pa masitepe a kuseri, pafupi ndi migolo ya zinyalala,
pomwe netiweki imagwira.
Thonje lija ndalichotsa. Sindikudziwa chifukwa chake.
Botolo lili m'thumba la jekete,
ndikapuma likuyankha.

Ikuitana.
Mwina ali kuchigayo. Mwina foni ili kotchaja.
Ikuitana.

"Halo? Bambo a Mwatitha?"
Kumbuyo kwake mwana akuwerenga mokweza, akulumpha mawu ovuta.
"Halo? Bwanji simukulankhula?"

Ndilipo, Dolika.
Usadule.
Khala kaye pansi.